Fodya wa a Paskemin

Inu, tamverani za Orest Prokopchuk, meya wathu wa ku Pellow, munthu woti akamwa tiyi amayanika kathumba ka masamba pawindo kuti kagwirenso ntchito mawa. Amagulitsa zitsulo za mathirakitala, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu za umeya wake sanalonjezepo chinthu chimene sakanatha kuchikana Lolemba m'mawa. Iye amati imeneyo ndiyo nzeru.

Chaka chimenecho matauni ambiri muno m'chigawo cha Saskatchewan anayamba kuyanjana ndi eni nthaka, ndipo manyuzipepala ankawatama. Orest sakanalola kutsalira. Choncho khonsolo yathu inagwirizana ndi ya ku Drumlie kuti ziwirizi zipite pamodzi kukayanjana ndi a Cree, eni nthaka a tsidya la mtsinje. Meya wa ku Drumlie anali Mayi Darlene Friesen, amene Orest sankalankhula nawo chiyambire mkangano wa galimoto yokokolola chipale chofewa. Amati atambwali sametana, koma awa anametana, aliyense akuyang'anitsitsa lumo la mnzake.

Chimene chinawagwirizanitsa chinali madzi. Paipi ya madzi abwino, imene matauni awiriwa amagawana, imathera pabwalo la gofu, makilomita anayi okha kuchokera panyumba yoyamba ya a Cree. Udzu wa pagofu unkamwa madzi oyera pamene anthu a tsidyalo anali atakhala akuwiritsa madzi akumwa zaka khumi ndi chimodzi. Makalata opempha paipi ankabwera chaka ndi chaka, ndipo makhonsolo onse awiri ankayankha kuti imeneyo ndi nkhani ya boma lalikulu. Tsono ameya athu anapangana kuti padzakhala mwambo, padzakhala benchi yokongola yokhala ndi mayina awo, padzakhala mawu opepesa, koma liwu loti madzi lisadzatuluke m'kamwa mwa munthu. Pepani sapoletsa chilonda, komatu ndi wotchipa, ndipo Orest anamukonda chifukwa chomwecho.

Mwambo unafunika mkulu wa a Cree woutsegula ndi pemphero. Anthu anatchula a Alphonse Paskemin, amene anapuma pantchito yolumikiza mapaipi. Theka la mipope ya mu Pellow anaika ndi iwo, kuphatikizapo ya m'bafa mwa Orest. Mlembi wa khonsolo anafotokozera meya bwinobwino kuti mkulu wa a Cree sapemphedwa chimanjamanja. Umatenga fodya pang'ono, umanena chimene wadzera, kenako umatambasula dzanja. Akalandira, ndiye kuti wavomera ndipo sabwereranso m'mbuyo. Akapanda kulandira, wakana, ndipo palibe wolakwa.

Orest anangomvapo liwu loti fodya. Anakumbukira kuti m'galimoto yake munali theka la paketi ya ndudu imene malemu mlamu wake Bohdan anaiwala zaka zitatu zapitazo. Anaipukuta fumbi pamwendo wa buluku, n'kuwoloka mlatho, n'kukaiponya patebulo la a Paskemin ngati akulipira ngongole ya mowa.

A Paskemin anaiyang'ana osaikhudza. "Izi ndi za malemu Bohdan."

"Mwadziwa bwanji, akuluakulu?"

"Ndudu za mtundu umenewu akampani anasiya kuzipanga mwini wake ali moyo. Khala pansi, mwana wa Mykola, umwe tiyi."

Anatsegula mpope n'kudzaza ketulo. Madziwo, inu, anali atakhala kale tiyi masamba asanalowemo. Orest ananena kuti dokotala anamuletsa zakumwa zotentha.

"Dokotala wa kuti?"

"Wa ku Saskatoon."

"Ameneyo ndi wanzeru. Ifenso anatiletsa zozizira. Tsono iwe ndi ine tikaphatikizana, tifa ndi ludzu."

Orest anachita ngati khutu lamuwawa, anatola ndudu zake n'kutsanzika. Za pemphero sanazitchule n'komwe, anaiwala.

Mayi Friesen atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo anali atachita maphunziro a masiku awiri a miyambo ya eni nthaka ku Regina, ndipo anabwerako ndi satifiketi, ndolo za mikanda, ndi liwu limodzi la Chicree, loti tapwe, ndiko kuti zoonadi. Liwuli ankalithira paliponse ngati mchere. Anauza Orest kuti awatsatire akaone mmene anthu ophunzira amachitira, ndipo anagula thumba la fodya lalikulu ngati pilo, poganiza kuti ulemu umayezedwa pasikelo.

Anawapeza a Paskemin panja akukonza mpanda. Mayi Friesen sanapereke ngakhale moni wokwanira. Anangolunjika ndi thumba lija n'kulikankhira pamimba pa mkuluyo. A Paskemin anabweza manja kumbuyo mwaulemu, popeza anali asanamve chopemphedwa. Thumba linagwera pa msomali wa mpanda n'kung'ambika. Mphepo ya kuno mukuidziwa, ilibe phiri loiletsa. Fodya yense ananyamuka n'kukathera kumaso kwa Orest, amene anaima kumbuyo akudikira kuti aseke. Akale ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, koma tsiku limenelo mphepo inabweza wake yense pamphuno ya munthu mmodzi. Anayetsemula kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chitatu mano ake oikirira anauluka n'kugwera m'ndowa ya madzi a a Paskemin.

"Usawabwezere m'kamwa usanawawiritse," anatero mkuluyo akuwavuula. "Mphindi imodzi yathunthu. Ndilo lamulo lathu kuno."

"Tapwe," anatero Mayi Friesen.

Ulendo wachitatu mlembi anawamangira yekha ameya awiriwo fodya wochepa m'kansalu kofiira, n'kuwalembera papepala zoti akanene, ngati ana a sukulu otumidwa kugolosale. Anakangana njira yonse za amene agwire kansaluko, mpaka anakagwira onse awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo. A Paskemin anamvetsera pempho lonse, kenako anati adzapemphera ngati mwambowo udzachitikira mu holo ya kwawo, osati ku Pellow kapena ku Drumlie. Ameya anavomera msangamsanga, aliyense akukondwa kuti mnzake waluza. Mkuluyo anatambasula dzanja n'kulandira fodya. Orest anabwerera kunyumba akuimba mluzu, akuuza mkazi wake kuti kuyanjana si kovuta, anthu amangokuopa chabe.

Tsiku la mwambo holo inadzaza. Kunabwera makhansala onse ndi akazi awo, alimi a tirigu atavala majekete a kumaliro, a Cree mudzi wonse, ndi mtolankhani wa nyuzipepala ya m'chigawo ali ndi kamera yake. Ameya anasaina chikalata cha mgwirizano. Orest analankhula mphindi makumi awiri za mitima, milatho ndi tsogolo, ndipo anazemba madzi mwaluso moti pofuna kutchula mtsinje anati chinthu chimene chimatilekanitsachi. Benchi inavundukulidwa. Inali yabwino ndithu, ya mtengo wolimba, yokwana anthu atatu aludzu.

Ndiye a Paskemin anaimirira. Pemphero lawo linali lalifupi. Atatha sanakhale pansi. Anatembenukira kwa ameya n'kuyamba kulankhula Chicree, pang'onopang'ono, akuwayang'ana m'maso. Atamaliza chiganizo choyamba anapuma, ndipo Mayi Friesen, ataona kamera yawaloza, anagwedeza mutu n'kunena kuti tapwe. Ku mbali ya a Cree kunamveka kung'ung'udza kokondwa. Orest zinamupweteka mumtima kuti mayiwa akudya okha ulemu. Chiganizo chachiwiri chitatha anawatsogolera, mokweza, mpaka kumbuyo kunamveka. Chachitatu ananenera limodzi ngati kwaya. Amayi achikulire a m'mizere yakutsogolo anayamba kubisa nkhope m'mashawelo, mapewa akugwedezeka, ndipo Orest anaganiza kuti akulira ndi chimwemwe.

Kenako mkulu uja anapisa dzanja m'thumba la malaya, anatulutsa tinsalu tiwiri ta fodya tomangidwa, n'kutambasulira ameyawo dzanja. Inu mukanaona liwiro lake. Orest, amene bondo limamuvuta pokwera masitepe a tchalitchi, anadumpha waya wa maikolofoni kuti alandire Mayi Friesen asanafike. Kamera inang'anima aliyense atakweza kansalu kake m'mwamba. Holo yonse ya a Cree inaimirira kuwomba m'manja. Ndi mlembi yekha amene anagwira kumutu.

"Tsopano ndibwereze m'Chingerezi chifukwa cha alendo," anatero a Paskemin. "Ndinati paipi yanu imathera pagofu. Ameya anati zoonadi. Ndinati ana athu sanamwepo madzi a pampope chibadwire. Anati zoonadi. Ndinati ndikupempha makhonsolo awiriwa afikitse paipiyo kuno chipale chisanagwe, ndipo wovomera alandire fodya uyu."

Orest anayang'ana m'dzanja lake ngati muli chinkhanira. Anasendera pafupi ndi mkuluyo n'kunong'ona kuti pachitika kusamvana pang'ono, chifukwa iye Chicree sachidziwa.

"Nanga tapwe uja anali wa Chiyukireniya cha makolo ako?"

"Ndimangotsatira mayiwa."

"Mayiwa ali ndi satifiketi. Musadandaule, agogo anga nawonso anasainapo pepala lopereka nthaka ino, la m'chiyankhulo chimene sankachimva, ndipo inu mwakhala mukunena kuti limagwirabe ntchito."

Apa ndikuuzeni zoona, ngakhale ife oseka tinasiya kuseka, manyazi anatigwira.

Lolemba m'mawa Orest anaitanitsa msonkhano wa khonsolo kuti afotokoze kuti fodya si siginecha. Mlembi anatsegula chikalata chimene anasaina n'kuwerenga ndime yachinayi, yonena kuti makhonsolo adzalemekeza miyambo ya a Cree mofanana ndi yawo. Ndime imeneyo anaiumirira ndi Orest yemweyo, poona kuti inalibe mtengo. Pamenepo nyuzipepala inali itafika kale, iye ali patsamba loyamba, kansalu m'mwamba, mano oikirira onse panja. Anaimbira foni Mayi Friesen kuti akane limodzi. Mayiwo anayankha kuti khonsolo yawo yavomera kale, ndipo ngati Pellow ikufuna kukhala tauni imene inabweza fodya wa mkulu, iwo athandiza kulengeza. Orest akanapirira kutchedwa wabodza, koma kupitiriridwa ndi Drumlie ayi. Anavota kuti paipi ipite.

Ngalande inakumbidwa mu Seputembala. Orest ankapitako tsiku lililonse atavala chipewa cha amisiri, akuuza aliyense wofuna kumva kuti maganizo a paipi anali ake kuyambira kale, kungoti ankadikira nthawi yabwino. Tsiku limene paipi inafika panyumba yoyamba anapeza a Paskemin ataima m'mphepete mwa ngalande, akudzudzula amisiri kuti akulumikiza ngati akhungu. Orest anaima pambali pawo, manja m'chiuno, mtima uli m'malo.

"Basitu, akuluakulu. Apa ndiye tayanjana, eti?"

"Apa mwangosamba m'manja, mwana wa Mykola. Kudya sitinayambe. Pali msewu uja, pali manda a ana athu pasukulu yakale ija imene boma linkawatsekeramo, pali malo a gofu omwewo amene anali nthaka yathu."

Akunena choncho, dzanja lawo linapita m'thumba la malaya. Orest sanadikire kuona. Anaponya manja onse m'khwapa, anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, ndipo lachitatu linalibe nthaka. Anagwa chagada m'ngalande, m'matope ofika m'makutu, manja akadali m'khwapa, chifukwa ngakhale pogwa sanafune kuwatulutsa.

A Paskemin anatulutsa magalasi awo, anawavala, n'kusuzumira pansi.

"Bwera ndikukoke," anatero, akutambasula dzanja.

Orest analiyang'ana dzanjalo kuchokera pansipo, mbali zonse ziwiri. Anati zikomo, akwera yekha. Zinamutengera theka la ola.