Mjeremani wa pa Tsamba Lathu

Lolemba
Mutu: Mlendo wochokera kunja.
Ine, wosesa pa nyumba ya alendo ya a Hajati ku Makokola, ndikulemba motere. Tsamba lathu la pa intaneti tsopano likuzindikira dziko la aliyense wolitsegula, ndipo likuonetsa kambendera kake. Akonza zimenezi ndi a Tadala, odziwa makompyuta a ku boma. Ndikutsegula pa foni yanga: Malawi, Malawi, Malawi, kenaka Jeremani!
A Hajati akuti: "Mzunguyo akafika, womulandira ndinu. Tsache mudzalisiya."

Lachiwiri
Ndatsegula kanayi. Mjeremani nayenso kanayi. Munthu wakhama.
Zofunika mwamsanga:
1. Shati yoyera.
2. Mbendera ya kwawo.
3. Moni wa Chijeremani. Asodzi akuti palibe akuudziwa, ndingoonetsa mano.

Lachitatu
Mutu: Mbendera.
Telala wa kwa Mponda alibe nsalu yachikasu. Pansi pa yakuda ndi yofiira waika yobiriwira. Yatuluka ya Malawi yopanda dzuwa. Iye akuti: "Akadzaona adzadziwa kuti wafika." Ndaipachika pa mtengo wa mango.

Lachinayi
Zodabwitsa. Nthawi imene ndikutsegula, iyenso akutsegula, mphindi yomweyo. Ndikumuona m'maganizo ali pa zenera, kunja kukuzizira, akuyang'ana chithunzi cha maluwa amene ndimathirira ine. Mwina ali ndi ndevu. Mwina amakonda chambo chootcha. Ndidzamuyendetsa mpaka pa mlatho wa Shire, ine patsogolo, shati ikuwala.
A Hajati abweza aphunzitsi awiri ofuna chipinda cha nambala 3. Ndi cha Mjeremani.

Lachisanu
Mutu: Nkhawa.
Foni yathera moto tsiku lonse. A Hajati ayang'ana pa yawo, akuti lero Mjeremani sanaoneke. Kapena wadwala. Ndamutchula m'pemphero ku mzikiti, ngakhale dzina sindilidziwa.

Loweruka
Ndatchaja, ndatsegula, wachira! Tsoka ilo, a Tadala afika ndipo apempha kuona foni.
"Mwaitenga kuti iyi, achimwene?"
Ndikuyankha mwaulemu kuti anatumiza alamu anga a ku Joni. A Tadala akuti m'fonimo muli kapulogalamu kobisa kumene munthu ali. Ndikatsegula tsamba pano pa Makokola, kamayamba kandizungulitsa ku Jeremani.
"Ndiye Mjeremani wanuyo ndinu nomwe."
A Hajati ayang'ana chipinda cha nambala 3, ayang'ana ine, ayang'ana tsache.

Lamulungu
Mutu: Kutseka nkhani.
Kapulogalamu kachotsedwa. Ndatsegula kamodzi: Malawi. Shati ndaipinda. Mbendera ikhale pomwepo, popeza siinaname.
Komabe ndikumusowa. Sabata yathunthu panali munthu kutali amene ankaganiza za maluwa anga.
Zilembedwe m'buku kuti mlendo wa nambala 3 anafika ndithu, ndipo chipinda akusesa yekha.