Bambo Akufuna Kukwera Sitima

Lolemba

Bambo afika kuchokera ku Mitundu. Sabata yamawa adokotala akawachotsa ng'ala m'maso. Akuchita mantha, koma sakuvomera. Angoti: "Anthu amenewa asanandigwire maso, ndikwereko sitima yapamtunda. Ndinakwera komaliza ndikadali ndi tsitsi."

Ine osaganiza n'komwe: Loweruka tikwera, bambo! Lilongwe mpaka Salima, mpando wa pawindo.

Zofunika:
matikiti
mandasi, nzimbe, mazira owiritsa
jekete la bambo (lichapidwe kawiri)

Nkhani yosavuta. Njanji ndimaiona ndikamadutsa ku Kanengo. Pali njanji pali sitima.

Lachiwiri

Mkazi wanga wauza anzake a kwaya. Kwaya yauza Eriya 4 yonse. Opita nafe tsopano: azakhali, mayi Nabanda a nyumba yoyandikana nafe, ndi mlamu wanga amene akufuna kukapereka tambala kwa apongozi ake ku Salima. Tambalayo wafika kale. Wamangidwa kumpope.

Ku ofesi ntchito yaima. Ndikujambula njira kuseri kwa kalendala imene ndaichotsa pakhoma kunyumba, masiteshoni ndikuika timitanda. Ndani akhale ndi ndani. Azakhali kutali ndi tambala. Ndikudziona ngati mkulu wa siteshoni, chongosowa ndi wezulo.

Lachitatu

Kalanga ine!

A Nyirenda, amene timakhala desiki imodzi ku City Centre, aona kalendala yanga. Aseka mpaka kuvula magalasi. "Achimwene, ine wa ku Rumphi kopanda njanji ndikudziwa, inu wa konkuno ayi? Ya anthu inasiya kalekale kubwera kuno. Imene mumaimva ku Kanengo ndi ya katundu. Bambo anuwo ndi thumba la feteleza?"

Akuti ofuna kukwera amakaipeza ku Balaka.

Kunyumba ndapeza bambo akuphunzitsa ana kulira kwa sitima. Tambala akuyankhira. Ine ndangodutsa n'kulowa kuchipinda.

Lachinayi

Pulani yatsopano: galimoto mpaka Balaka, kenako sitima. Kulikonse kumene ikupita, ife tipita komweko.

Tsiku limene imayenda:
a Nyirenda akuti Lachitatu
kondakitala wa minibasi akuti Loweruka
mayi wogulitsa nthochi pa depoti akuti imayenda ikafuna

Madzulo ndapita ku Eriya 12 kukabwereka galimoto kwa msuweni wanga. Mpanda wautali, agalu aukali, kapinga wosalala ngati kapeti. Msuweni wandilandira bwino, wandipatsa juwisi, wandionetsa galimotoyo. Yakhala pa njerwa, matayala anayi onse palibe. "Ukapeza matayala, itenge. Ndife amodzi."

Ndabwerera wapansi mpaka pasiteji. Juwisi anali wokoma.

Lachisanu

Ndapempha tchuthi kuti mwina tiyese minibasi, tikagone ku Balaka kudikira sitima. Bwana andiyang'ana nthawi yaitali. "Tchuthi chokadikira sitima?" Kenako andipatsa mafayilo ena.

Nkhani yoti kulibe sitima yatuluka, sindikudziwa wautsa ndani. Azakhali akuti miyendo yawayamba. Mayi Nabanda akuti iwo ankadziwa kale, amangofuna aone mathero anga. Mlamu wazimitsa foni. Tambala wamusiya!

Amene sakudziwa ndi bambo okha. Apukuta nsapato, asita jekete okha, atenthako pang'ono paphewa. Mkazi wanga: "Mukawauza liti? Kapena mukufuna ndiwauze ine?" Ndati mawa m'mawa, ndikangodzuka.

Loweruka

Ndadzuka ndapeza bambo ali pakhonde. Jekete, chipewa, ndodo, jumbo ya mandasi pamiyendo.

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Chatuluka n'chakuti: sitima yachedwa, bambo.

"Imatero," ayankha mosadandaula. "Kalelo tinkagona pasiteshoni."

Masana: yachedwabe. Mazira atha. Nzimbe zatha. Ana akundiyang'ana ngati wakuba. Bambo akusimbira aliyense wodutsa za mabogi, za mabenchi olimba, za mayi wina amene anakwera ndi mtondo n'kuulipirira ngati mwana. Sindinawaonepo akuyankhula chonchi chimwalirireni amayi. Ndiye ndiwadule bwanji?

Dzuwa lalowa ali chivalire. Tambala tamudya. Mlamu akadzafunsa, ndidzati anakwera yekha.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi ndawatenga bambo pa minibasi mpaka ku Kanengo. Ndaulula zonse m'njira: kulibe sitima ya anthu, galimoto ilibe matayala, mwana wanu ndi wabodza. Angoti: "Eya."

Taima pafupi ndi njanji. Dzuwa likuswa mtengo. Panjanji pagona mbuzi, zikubzikula mopanda nkhawa. Ndikupemphera kuti ngakhale ya katundu idutse, aione ndi maso awo asanapite kuchipatala. Palibe. Bambo agogoda chitsulo ndi ndodo, amvetsera, agogodanso.

Kenako kumsewu lole yaikulu yaliza hutala. Pooo! Ine pakamwa pandithawanso: ndi imeneyo, bambo!

Bambo avula chipewa, abayibitsa mpaka phokoso latha. Nanenso ndabayibitsa. Mbuzi sizinasunthe.

Pobwerera, titapanikizana pampando wakumbuyo, andigwira bondo. "Sitima zamasiku ano zikumayenda pa tara, eti? Usadandaule. Maso akakatseguka undiperekeze ku Balakako. Koma ulendowo ndikonza ndine."

Ndavomera. Titafika kunyumba, kalendala ija ndaitembenuza, ndaipachikanso pakhoma.