Wisiki wonunkha utsi

Nkhani iyi ndimainena pokhapokha nditakhuta, chifukwa ndi njala manyazi ake sapiririka. Sekani ndithu, mkazi wanga anayamba kalekale ndipo sanasiyebe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 90 ndinkagwira ntchito ku Nairobi, pa kabungwe kena kokumba zitsime. Amalawi tinalipo awiri, ine Jumbe ndi Chikafa, mnyamata wa ku Zomba wosatopa kumwetulira. Tonse tinali pa kontrakiti, ndiye kunatuluka mpando wa permanent umodzi wokha. Wotsalayo, basi ya ku Lilongwe! Ine ndinali ndi ana awiri pa sukulu ndi khanda longobadwa kumene, choncho kumwetulira kwa Chikafa kuja ndinayamba kukuona mwina.

Wosankha anali bwana wathu a Angus, mzungu wa ku Scotland amene anakhalitsa ku Mulanje. Chichewa ankachitafuna bwino ndithu.

Lachisanu lina ndinangomva odi kunyumba kwanga ku Umoja. Chikafa! Atafukata kabokosi ngati mwana.

"Achimwene, a Angus akuti ndikupatseni ichi. Akuti ndi mafuno abwino a khandali."

"Bwanji sanandipatse okha?"

"Munaweruka msanga. Ndangoti ndikuthandizeni."

Kundithandiza! Munthu wokhala ku Roysambu, kukwera maminibasi awiri, aja amati matatu kumeneko, pa jam ya Lachisanu, kudzathandiza ine amene tikulimbirana mpando? Ndinathokoza ndi mano okha.

Atachoka ndinatsegula. Botolo la wisiki, single malt, dzina lake lothyola lilime. Pansi pake analemba kuti 21 years.

Ndinaitana mkazi wanga: "Mayi a Tadala, tabwerani muone. Mowa wa zaka zonsezi! Sunapange expire umenewu?"

Tsono ine pa za mowa wotcheza sindine mlendo. Azakhali anga ku Ntcheu anatiphunzitsa sukulu ndi kachasu, ndipo ndinakulira pambali pa mgolo. Nditazula chotsekera n'kununkhiza, mutu unabwerera wokha. Utsi! Utsi weniweni, ngati bulangete la munthu wogona m'khitchini. Pansi pa utsiwo panali kafungo ka kuchipatala, ka mankhwala otsukira mabala.

"Wapserera uwu," ndinagamula. Kwa azakhali, kachasu akanunkha utsi ndiye kuti moto unachuluka, ndipo wotereyo ankangopatsa aganyu. Mzungu wokhala ku Runda, dera la anthu olemera, angagule mowa wopserera? Ayi. Ndiye kuti wina anasintha m'njira. Nanga fungo la mankhwalalo? Masiku amenewo wayilesi inkangonena za anthu ochita khungu atamwa chang'aa, kachasu wa ku Kenya, wothira zinthu.

"Koma botolo linali lomata bwinobwino," anatero mkazi wanga.

"Kuno ndi ku Nairobi, mayi. Angakugulitseni dzira lopanda kanthu m'kati."

"Bwanji osangowafunsa a Angus?"

"Kuti Chikafa adziwe kuti ndatulukira? Inu za ma office simuzidziwa."

Ndinadonthezera pang'ono pa mphemvu imene inkadutsa. Inazungulira kamodzi n'kugona chagada. Umboni woyamba!

Lolemba m'mawa Chikafa anandipeza pa khomo la ofesi.

"Mwalawako, achimwene?"

"Mukufunsiranji?"

"Ayi, kungofunsa."

Ndinaganiza zomutchera msampha. Lachitatu ndinalowa ndikutsinzinira, n'kugunda dala mpando.

"Maso akundivuta masiku ano," ndinadandaula.

"Pepani! Pitani kuchipatala, ntchito yanu ndikugwirirani."

Mwamva? Ntchito yanga andigwirira! Umboni wachiwiri. Kuyambira tsikulo tiyi wake sindinamulawenso, ngakhale mandazi.

Botolo lija sindinataye, poti linali exhibit. Koma mvula itayamba makala anayamba kubwera onyowa, ndipo tsiku lina parafini anatithera. Ndinathira pang'ono pa makala, n'kuyatsa macheso. Phuu! Lawi la buluu, lokongola zedi. Ndinaseka ndekha, kuti poizoni wa mdani akundiphikira tiyi. Basi botolo linasamukira kuseri kwa thumba la makala, ndipo mbaula yathu sinavutenso kuyaka.

Patapita masabata angapo, a Angus anati Loweruka abwera kudzaona khanda. Anabweradi masana, Chikafa akuwalondolera njira. Ine ndinali nditawotcha mbuzi pakhonde. Ataona mwana n'kumuyamikira, tinakhala pafupi ndi mbaula n'kuyamba nyama. Kenaka a Angus anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa timatambula titatu.

"A Jumbe, kwathu mwana akabadwa, amuna amamwa pang'ono pomulandira. Botolo lija lili kuti?"

Nthawi yanga inali itakwana. Ndinaimirira ngati loya, n'kusolola botolo kuseri kwa thumba. Linali lakuda bii ndi zala zamakala, mowa utatsala wongokwana chala chimodzi.

"Bwana, musayerekeze kulawa! Botolo lanu linasinthidwa m'njira. Uyu ndi kachasu wopserera, wothira mankhwala. Ndipo amene analinyamula ali pompano!"

Nyama inagwa m'manja mwa Chikafa.

"Ine, achimwene?"

"Inu nomwe! Simunati ntchito yanga mundigwirira?"

A Angus analandira botolo, analipukuta ndi mpango, n'kununkhiza atatsinzina. Atatsegula maso, munali misozi.

"Mwaona? Mpaka misozi! Ndimanena ine!"

Iwo anangothira m'katambula n'kugugudiza.

"Mayi a Tadala, mkaka! Thamangani ndi mkaka, bwana amwa!"

"Khalani pansi, a Jumbe," anatero mofatsa. "Palibe wasintha kanthu. Utsiwo ndi wadala."

Anafotokoza kuti pa chilumba cha kwawo mitengo ndi yosowa, ndiye anthu amadula dothi lakuda la m'dambo ngati njerwa, n'kuliumitsa, n'kumasonkhera moto. Utsi wa dothi limenelo ndi umene amaumitsira chimera cha balere. Mowawo akautcheza amautsekera m'migolo ya matabwa m'mphepete mwa nyanja, n'kuusiya ugone zaka, ndipo ukamakalamba ndi pamene ukukoma. Kafungo ka kuchipatala kaja anthu amachita kukalipirira.

"Bambo anga anasonkhezera moto umenewo moyo wawo wonse," anapitiriza. "Mowa uwu unalowa mumgolo chaka chimene anamwalira. Ndinali ndi mabotolo awiri okha. Fungo limeneli ndi la jekete lawo."

Abale, ndinalakalaka simenti ya pakhonde itang'ambika. Mkazi wanga anali ataima pakhomo ndi kapu ya mkaka, osadziwa woti amupatse.

"Koma palibe kanthu, mphatso ndi mphatso," anatero a Angus akupenda botolo. "Winawu munamwa ndi ndani?"

"Sitinamwe, bwana."

"Munataya?"

"Ayi, bwana."

"Nanga uli kuti?"

Maso a mkazi wanga, osakhulupirika, anapita pa mbaula. Maso a Chikafa nawo anatsatira. A Angus anayang'ana makala ali psuu, anayang'ana nthiti ya mbuzi ili m'manja mwawo, kenaka anayang'ana ine kwa nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero. "Bambo anga anauyamba ndi moto, a Jumbe aumaliza ndi moto."

Wotsalawo anaugawa patatu. Wanga ndinameza pamodzi ndi manyazi, ndipo ndivomere, unkakoma kuposa wa azakhali.

Mpando uja anapatsa Chikafa, ndipo sindinadandaule kwa munthu. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Chikafa yemweyo, amene ndinamutcha mfiti pamaso pa bwana, ndi amene anakandipemphera kuti kontrakiti yanga aiwonjezere, ndizigwira pansi pake. Sanandikumbutsepo za mlanduwo ngakhale kamodzi. Kungoti pa party iliyonse ya ku ofesi, makala akangoyamba kuvuta, ankakuwa anthu onse akumva:

"A Jumbe! Kulibe ka 21 years kotsala kunyumbako?"

Safunsa anadya phula, koma ine ndinamuposa: ndinakolezera mbaula.