Dayinoso wa m'Dzenje la Chimbudzi

Mpaka lero, pakhomo panga pakangotchulidwa mawu oti fupa, amayi a Esinati amayamba kutsokomola, ana amathawira kukhitchini kukasekera komweko. Ine ndimangochita ngati sindikumva. Koma poti nkhaniyi inawanda kale Bangwe yense, ndipo ena akuithira mchere (akuti ndinaitana atolankhani, bodza lenileni), ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha.

Ine ndine dalaivala wa lole. Nthawi ija dizilo ankasowa m'dziko muno ananditumiza kukatula simenti ku Karonga, ndipo pobwera ndinakhala masiku anayi pamzere wa mafuta. Tsiku lachitatu, kutopa ndi kukhala, ndinaisiya lole pamzere pomwepo (ikanapita kuti yopanda mafuta?) n'kukalowa m'nyumba ina yosungira zinthu zakale. Abale inu! Nditangolowa ndinakumana ndi mafupa a chinyama atawalumikiza, chili chiimire. Khosi lalitali, mchira wautali, kamutu kakang'ono, thupi lonse kuposa lole yangayo. Mayi wotionetsa anati ameneyu ndi dayinoso, anakhalako zaka mamiliyoni oposa zana zapitazo munthu kulibe, ndipo mafupa ake anawakumba m'boma la Karonga momwemo. Anati ankadya masamba, umboni wake ndi mano, othotholera osati ong'ambira nyama. Anati anzake a mtundu wotere ankayenda m'magulu, mapazi awo anasiya zidindo m'matope amene pambuyo pake anauma n'kukhala mwala. Anatinso akatswiri akafika pafupa sagwira khasu, amachotsa dothi ndi kaburashi pang'onopang'ono, ndipo akakayika ngati atola mwala kapena fupa, ena amakhudzitsa lilime: fupa limamatirira, mwala ayi.

Mayiyo anali asanamalize pamene mnzanga anaimba foni kuti dizilo wafika. Ndinatuluka chothamanga. Theka la phunziro ndinalisiya komweko, ndipo ndi theka limenelo linadzandipweteketsa.

Chaka chotsatira, mwana wanga woyamba Esinati anapeza mnyamata, Madalitso, wa ku Phalombe, mphunzitsi wa Jogalafe pa sekondale ina ku Machinjiri. Chinkhoswe tinagwirizana kuti chichitikire pakhomo pathu. Vuto linali limodzi: chimbudzi chathu chinali chitadzaza, moti ifenso eniake tinkalowamo mopemphera.

"Bambo a Esinati," anatero mayi a kunyumba, "a ku Phalombe akubwera ndi minibasi ziwiri, abale anu a ku Nsanje nawonso ndi chigulu. Anthu onsewo mukawalozera kuti?"

Esinati naye anati sakundipempha china chilichonse koma chimbudzi chatsopano. Kutatsala sabata ziwiri ndinaitana a Jailosi, bambo wodziwika kuno pokumba zimbudzi, kuti akumbe dzenje latsopano kuseri kwa nyumba. Anati masiku anayi kukumba, awiri silabu ndi khoma, basi. Zinthu zinkayenda bwino mpaka Lachitatu, dzenje litafika m'chiuno.

"Bwana, muli mafupa muno," anatero a Jailosi, n'kuponyera limodzi kunja ngati chibuma cha dothi.

Ndinalitola. Linali lalitali ngati mkono wanga, lofiirira, lamutu waukulu kumapeto. Karonga yense anandibwerera m'mutu.

"Imani, a Jailosi! Ikani piki pansi!"

Ndinalipukuta pa thalauza, n'kuliika palilime. Linamatirira.

"Mayi wanga ine!" Anali amayi a Esinati, ataima pakona ndi beseni la zochapa. "Mwanyambita chiyani? Mukudziwa kuti chimbudzi chodzazacho chili mapazi asanu kuchoka pamene mwaimapo?"

"Mayi, izi simungazimvetse. Munafikako ku Karonga inu?"

A Jailosi ndinawauza kuti apume kaye, ndidzawaitana. Anandiyang'ana, anayang'ana mayi, n'kunyamula piki yawo n'kumapita. Kuntchito ndinakapempha tchuthi (abwana anaganiza kuti ndi za chinkhoswe, sindinawakonze). Ndinamanga chingwe kuzungulira dzenje, ndinatenga supuni, burashi yopakira penti ndi mswachi wakale, n'kulowamo. Munthu wa zaka makumi asanu, katswiri wa magiya khumi ndi awiri, kukumba chimbudzi ndi supuni!

Koma mafupa ankatuluka. Ndinkawayala pamkeka monga ndinaonera kuja, uku khosi, uku mchira. Chimene chinkandisautsa n'chakuti miyendo inkachuluka. Pofika Loweruka ndinali ndi miyendo khumi ndi inayi, mutu ngakhale umodzi. Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Ine ndinakumbukira za magulu zija, ndinati eya, ndapeza banja lonse. Za mutu ndinati kamutu kake n'kakang'ono, n'kosavuta kutayika.

Lamulungu titachoka ku Misa, Esinati anabwera ndi Madalitso. Cholinga chake (ndinadziwa pambuyo pake) chinali choti munthu wa sukulu andiuze zoona, a Jailosi abwerere Lolemba. Koma mwanayo anaiwala chinthu chimodzi: Madalitso analeredwa. Anakana mpando, anakhala pa njerwa, manja pamodzi, maso pansi. Ndinamupatsa fupa lalikulu lija, analandira ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mukuliona bwanji?"

"Ndi fupa ndithu, bambo."

"Lakale?"

"Lakhalitsako m'dothi, bambo."

"La chinyama chachikulu, si choncho?"

Analiyang'anitsitsa fupalo. "Chachikulu kuposa mbuzi, bambo."

Ndinamuyang'ana Esinati kuti wamva? Madalitso analiyesa fupalo m'manja, kulikweza, kulitsitsa, n'kunena chapansipansi kuti, "Koma lapepuka bwino, bambo." Ine ndinati eya, losavuta kunyamula. Anafunsanso ngati ku Karonga kuja anandilola kunyamulako limodzi kuti ndimve kulemera kwake. Ndinati ayi, sankalola kugwira. Anangoti, "Oho." Esinati anali akumutsina kumbuyo mpaka mnyamatayo thukuta kamukamu, koma iye anangondibwezera fupalo ndi manja awiri. Akuti atafika kumsewu anamuuza kuti, "Ndikawatsutse apongozi ndisanalowe n'komwe m'banja? Malume akamva andipha."

Ine "Oho" ameneyo ndinamutenga ngati chidindo cha boma. Ndinapitiriza ndi supuni yanga.

Lachinayi amayi a Esinati anakawatenga okha a Jailosi. Ndinakhala pansi m'dzenjemo, ndinati amene akufuna kukumba ayambire pamutu pangapa. A Jailosi anati iwo mitu ya anthu sakumba, n'kubwerera. Mayi sanakalipe. Anangovala chitenje chawo chabwino n'kupita kukagwada kwa mayi Nasibeko, aneba athu, amene tinali tisakulankhulana nawo chaka chathunthu chifukwa cha madzi ochapira amene ankadutsa mpanda. Anakapempha kuti Loweruka alendo athu akathandizike kwawo. Atabwerako anandiuza mawu atatu okha: "Mwandichititsa manyazi, bambo."

Loweruka linafika. Dzenje ndinalivundikira ndi malata, mkeka wa mafupa ndinaufunditsa nsalu. Kutsogolo kwa nyumba zonse zinali bwino: tenti, nyimbo, nthungululu, Esinati atatchena ngati si mwana wa dalaivala. A kuchimuna anapereka tambala wawo, ife thadzi lathu, monga mwa mwambo. Koma anthu anali atamwa thobwa, ndipo thobwa silikhalitsa. Pasanapite nthawi panali mzere kuchoka patenti, kudutsa pa mpata wa mpanda, kukwera kachitunda mpaka kwa mayi Nasibeko. Pamzerepo panalinso agogo ake a Madalitso, ndi ndodo yawo, atagwiridwa mkono.

Ndiye panali malume ake a Madalitso, a Likoswe, nkhoswe yaikulu ya kuchimuna. Iwo za mzerewo sanazimve, anangozungulira kuseri kwa nyumba monga amachitira munthu aliyense. Ndinawathamangira kuopa kuti agwera m'dzenje. Atandifunsa kuti pansi pa nsalupo pali chiyani, satana anandinong'oneza kuti nayi nthawi yoti apongozi adziwe banja limene akulowamo. Ndinavundukula.

"Dayinoso, achimwene. Zaka mamiliyoni."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti a Likoswe ntchito yawo ndi yodula nyama mumsika ku Limbe. Anawerama, anatola fupa langa lalikulu lija, analitembenuza kamodzi kokha.

"Ntchafu ya ng'ombe iyi. Yakumanzere. Ndipo amene anadula apa chikwanje chake chinali chobuntha, taonani mmene anatemera katatu." Analoza miyendo yanga khumi ndi inayi ija. "Awa ndi mang'ina, mapazi a ng'ombe. Enawa mwawaika kukhosi chifukwa chiyani?"

Anthu a pamzere anali atayamba kusuzumira. Pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa mayi Nasibeko.

"Amene munawagula puloti aja ankaphika mang'ina ndi msuzi wa mafupa, n'kumakagulitsa m'mabala. Mafupa ankataya m'dzenje pomwepo. Ine ndili pano chimangireni nyumba zimenezi. Munandifunsa?"

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo chinaposa zokuzira mawu. A Likoswe anatumiza munthu kukamuitana Madalitso, amene anabwera ndi suti yake ya chinkhoswe, n'kunjuta patsogolo pathu.

"Iwe, si ndiwe mphunzitsi? Unaziona izi?"

"Ndinaziona, malume."

"Ndiye unawasiya apongozi ako azinyambita?" (Za kunyambitazo anali atamva kale. Bangwe!) "Tauze bwinobwino, ndakuloleza ine."

Mnyamatayo anapuma ngati wamutula thumba la simenti. Anati, "Bambo, mundikhululukire. Fupa la dayinoso silikhalanso fupa ngati ili. Chinyama chikafa n'kukwiririka msanga m'matope kapena mumchenga wa mtsinje, madzi amalowa m'timabowo ta fupalo kwa zaka zosawerengeka, n'kumasiyamo michere ya m'nthaka mpaka limasanduka mwala. N'chifukwa chake limalemera. Lanuli lapepuka, ndi zimene ndinkayesa kunena tsiku lija. Lilime limangokuuzani kuti ili ndi fupa, silinena kuti ndi la yani."

"Nanga ndikanakumba mozama?" ndinafunsa, poti munthu womira amagwira ndi udzu womwe.

"Ayi, bambo. Ku Karonga kuli miyala yoyalana m'mizere, imene kale inali matope ndi mchenga, ndiyo imasunga mafupa. Yathu ya kuno ku Bangwe inapsa ndi moto wa pansi pa dziko, ndipo yambiri ndi yakale kuposa dayinoso amene. Mungakumbe mpaka kutulukira ku Ndirande, simumupeza."

Kenako, kaya pofuna kundipukuta misozi, anawonjezera kuti, "Komabe bambo, dayinoso pakhomo pano alipo. Akatswiri amati mbalame zonse zinachokera ku mtundu wina wa madayinoso, aja oyenda ndi miyendo iwiri. Mafupa ake ndi ofanana, mapazi, kuikira mazira, ena anali ndi nthenga zomwe. Tambala tabwera naye uja ndi mdzukulu wawo."

Anthu anasekanso, koma ine sindinaseke, chifukwa ndinali nditamuona Esinati. Anaima pakona ya nyumba ndi zovala zake zokongola zija, akuyang'ana kumtunda, kumene agogo aja ankatsika kachitunda pang'onopang'ono, ndodo ikuterereka. Sanalire. Anangoti, "Adadi, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha pa chinkhoswe changa." Kunyozedwa ndi Bangwe yense ndikanapirira, koma mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka pano akandibwerera ndimasowa poyang'ana.

Lolemba m'mawa ndinapita ndekha kwa a Jailosi kukawapepesa. Analowa m'dzenje ndi piki, ine ndi fosholo, ndipo mafupa ena amene tinawapeza ndinawaponya kunja ndi manja angawa osawayang'ana kawiri. Chimbudzicho chinatha Loweruka lotsatira, chokongola zedi, cha silabu ndi chitseko cha loko, chitachedwa ndi sabata imodzi ndendende. Pa ukwati alendo onse a ku Phalombe anapita kukachiona, ena opanda n'chifukwa chomwe.

Amayi a Esinati amati safunsa anadya phula, koma amuna awo anachita kuposa pamenepo. Ine ndimavomera. Ndinaphunzira kuti mkamwini akati "Oho" uzimufunsanso kachiwiri, makamaka malume ake ali pafupi.

Tambala uja tinamupha tsiku limene chimbudzi chinatha. Ine anandipatsa ntchafu. Nditamaliza kudya ndinakhala ndikulitembenuza fupa lake m'manja, kuona mmene lapindikira, kenako ndinalikulunga m'kapepala n'kulilowetsa m'thumba la shati, ndikuganiza kuti palibe akundiona.

"Lisungeni," anatero amayi a Esinati osadzutsa n'komwe mutu. "Limenelo ndiye lenileni. Koma mukalinyambite kuchipinda."