Mpala wa Pasi ya ku Joni

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, koma popeza ena akuikamba mokhotetsa kumowa, bola ndidziyalutse ndekha. Ndi yochititsa manyazi, ndipo chitsiru chake ndine.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ine ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, ndipo ukamwiniwo unali utandifika m'khosi. Kukacha, khasu paphewa, kumunda kwa apongozi. Ukabwerako, nkhokwe ya apongozi yapendekeka. Ukaimika nkhokweyo, denga la apongozi likudontha. Chimene chinkandipatsako ulemu pamudzipo n'chakuti ndinafika Standard Three, choncho makalata onse ochokera kumigodi ndi kumatauni ankabwera kwa ine kuti ndiwerenge. Abwino ndi oipa omwe, ankatulukira pakamwa panga.

Tsiku lina kunafika kalata yanga ine mwini, yochokera kwa alamu anga a Lazaro, alongo ake a mkazi wanga Esinati. Iwo anali kuki pahotela ina ku Joni, ndipo mwa ana onse a apongozi wamwamuna anali iwo okha. Anati pahotelapo pakufunika munthu wotsuka mbale, andilankhulira kale kwa bwana wawo, ine ndingopeza pasi ku boma ku Katete n'kunyamuka. M'envulopu momwemo munali kapepala ka bwanayo ka m'Chizungu.

Sindinauze munthu aliyense, ngakhale Esinati. Ndinkadziwa kuti akamva iye amvanso amake, ndipo amake sakanalola mkamwini kuchoka mtedza usanakumbidwe. Ndinangoyamba kudwala dzino, lija lofuna mankhwala a ku Katete kokha.

Kuchoka kwathu kukafika ku boma unali ulendo wodzukira m'mamawa, wapansi. Ulendo woyamba anati mafomu atha. Wachiwiri mafomu analipo, koma kiyi wa kabati anapita naye mesenjala ku Sinda. Wachitatu ndinakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi, kenako anatiuza kuti bwana DC ali pa ulendo, tibwere mawa. Mawa la ku boma, anzanga, ndi lalitali kuposa mwezi.

Ulendo wachinayi ndinafika patebulo la kalaliki, bambo wina wonenepa wa tayi, dzina lake a Tembo. Anawerenga kapepala ka bwana wa hotela, anatembenuza chitupa changa uku ndi uku, n'kulemba osandiyang'ana.

"Name, village, zonse zili bwino. Tsopano mubweretse zithunzi ziwiri. Head and shoulders, nothing on the head."

"Bwana?"

"Mutu ndi mapewa. Pamutu pasakhale kanthu."

"Ngakhale pang'ono?"

"Nothing. Azungu a ku Joni sanyengerera munthu. Next."

Chipewa changa chinali m'manja nthawi yonseyi, poti mu ofesi ya boma sulowa utavala chipewa. Choncho nditatuluka n'kugwira pamutu, chimene ndinapezapo ndi tsitsi basi.

Wojambula zithunzi pa Katete masiku amenewo anali Che Saidi, telala wachiyao wochokera ku Nyasalandi. Ankasoka, ankajambula, ndiponso ankameta anthu pakhonde la sitolo yawo. Ndinakhala pampando n'kuwauza kuti ayambe andimeta mpala.

"Mpala? Anthu a mapasi ajambulitsa ambiri pano, bambo. Palibe amene ndinamumeta."

"N'chifukwa chake ambiri amabwezedwa," ndinatero ine wa Standard Three. "Lamuloli ndalimva ndekha, m'Chizungu."

"Chabwino. Nanga nsidze?"

Ndinaganiza kaye ndithu. "Zisiyeni. Zimenezo zili kumaso, osati pamutu."

Lumo lawo linali lobuntha, ndipo anandipala ngati chikopa cha ng'oma. Atatha anandiimika kutsogolo kwa nsalu yoyera, anandiuza kuti ndisapume, n'kujambula. Zithunzizo anati zikatsukidwa ku Fort Jameson, ndibwere sabata yamawa. Nditayesa kuvala chipewa, mabala a lumo anandiluma, ndiye ndinachipinda n'kuika m'thumba. Ndinayenda ulendo wonse wobwerera mutu uli pamtunda, ukunyezimira padzuwa.

Chimene sindinaganize n'chakuti kwathu kuno munthu wamkulu sameta mpala popanda chifukwa. Ukaona mutu wotero, umafunsa kuti watisiya ndani.

Pamtsinje wa kumudzi kwathu ndinapeza a Nasakala akuchapa, mai wina wa pamudzipo amene nkhani sinkagona m'kamwa mwawo. Atandiona anasiya nsalu pamwala.

"A Banda, mwameta? Kwagwanji?"

Ine ndinali nditatopa, njala ikundiwawa, moti mphamvu zonama zinali zitandithera.

"Ndi za alamu anga a Lazaro, amai. Kunabwera kalata."

"Kalata ya ku Joni?"

"Eya. Ndiye ndakhala ndikuyendera ku boma. Lero atsimikiza, zonse zatha. Ndi omwewo andiuza zometazi."

"Kalanga ine. Amake akudziwa?"

"Sindinawauze. Ndimaopa kuti sazilandira bwino. Chonde musauze munthu."

Anangogwira pakamwa, misozi ili lenge. Ine ndinati mumtima, taonani, sindinanyamuke n'komwe anthu ayamba kale kundisowa.

Nditawoloka ndinakhala pansi pa mtengo wa mpundu kuti ndipumule pang'ono, ndipo tulo tinanditenga. Chimene chinandidzutsa, dzuwa litapendeka, chinali chiphokoso cha maliro kuchokera kumudzi kwathu.

Ndinathamanga. Pakhomo pa apongozi panali podzaza, amai akulira m'nyumba, abambo atakhala pansi pa mtengo. Ndinakhala nawo, n'kugwira mpala wanga ndi manja onse, n'kuusa moyo monga amachitira munthu woleredwa bwino.

"Pepani, a Banda," anatero wina.

"Pepani nanunso. Dziko ili."

Palibe amene ananena dzina la womwalira, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa, poti mkamwini safika pamaliro n'kumafunsa kuti kodi ndi a yani. Ndinaganiza kuti ndi nkhalamba ina imene inkatsokomola chaka chonse, ndipo ndinailirira ndithu mochokera pansi pa mtima. Nditakweza maso ndinaiona nkhalambayo itakhala moyang'anana nane, nayonso ikulira.

Kuseri kwa nyumba anthu ankasenda mbuzi. Nditayang'anitsitsa chikopa chake, ndinazindikira kuti ndi tonde wanga, amene ndinkati ndidzagulitse kuti ndikwerere basi.

Kenako amalume ake a Esinati, a Gelevazio, anasendera pafupi nane.

"Mkamwini, mwachita chamuna kusenza nkhani imeneyi nokha mpaka kukatsimikiza ku boma. Tsopano tiuzeni za Lazaro. Ali kuti panopa?"

Ndinati a Nasakala andiulula basi. Ndinangodabwa kuti nkhani ya ntchito aikambiranji pamaliro, koma wamkulu akafunsa umayankha.

"Ali kuhotela komweko, amalume, m'khichini."

"M'khichini? Sanamuchotsemo?"

"Awachotserenji? Bwana wawo akuti malo awo ndi pamoto pomwepo."

Abambo anayang'anana. Wina ananong'oneza mnzake kuti anamvapo kale zoti Azungu a ku Joni saika anthu m'manda, amaotcha.

"Palinso china chimene kalatayo ikunena?" anafunsa a Gelevazio.

"Akuti ndiwatsatire msanga. Malo andikonzera kale, pambali pawo."

Amene anakhala kumanja kwanga anasuntha. Wa kumanzere nayenso anasuntha. Esinati, amene anali pakhomo n'kumva zonsezi, anadzigwetsa pansi.

"Mayo ine! Mlongo wanga wapita, mwamuna wanga nayenso akuitanidwa!"

Pamenepo m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Maliro amene ndinkalirawa anali a alamu anga, ndipo wowapha ndinali ine.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaimirira nthawi yomweyo. Ayi ndithu. Ndinakhala duu, ndikuganiza ngati kwa Apwitikizi n'kotheka kukafika wapansi anthu asanazindikire. Koma kenako anatulutsa apongozi m'nyumba kuti apitidwe mphepo, amai awiri atawagwira m'khwapa. Mawu anali atawathera, ankangoitana mwana wawo ndi dzina la paubwana. Zimenezo sindinathe kupirira. Ndinaimirira, ndinatulutsa kalata ija m'thumba, n'kuiwerenga yonse, kuyambira pa moni mpaka pa mbale zotsuka.

Ngakhale osenda mbuzi anaimika mipeni.

Ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso, monga mwa ulemu wake, choncho anatembenukira kwa mwana wawo.

"Esinati, afunse amuna akowo. Lazaro ali moyo?"

"Ali moyo, ali bwinobwino," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

"Afunse, ameteranji?"

"A boma anati pa chithunzi cha pasi, pamutu pasakhale kanthu."

Apongozi anauyang'ana mpala wanga kwa nthawi yaitali.

"Auze kuti akanangopita mmene analili. M'mutumo mulibe kanthu kale."

Mbuzi inadyedwa, poti yophedwa sibwerera. Ine sanandipatseko ngakhale chiboda.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Mithenga ya maliro inali itatumizidwa kale pa njinga, wina ku Sinda, wina mpaka kwa abale a ku Vubwi. Masiku atatu otsatira anthu ankafikabe, atasenza ufa ndi nkhuku, akuyamba kulira ali kutali. A Gelevazio anagamula kuti amene anayatsa moto ndiye auzime, choncho ntchito yanga inali yokhala pamphambano kuyambira m'mawa, kuchingamira gulu lililonse n'kulifotokozera. Koma tangoganizani, anthu akubwera ndi maliro, ndipo woyamba kumuona ndi mkamwini wa mpala. Ankangowonjeza kulira. Ndinkachita kuwathamangira ndikukuwa kuti ali moyo, ali moyo, iwo n'kumandisisita pamsana kuti limbani mtima, chisoni chimasokoneza mutu. Gulu lililonse linkafuna nkhaniyo kuyambira pachiyambi, ndipo pofika tsiku lachitatu ndinkaikamba ngati katekisimu.

Esinati sanandilankhule sabata yathunthu. Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali maliro, koma dzino lija. Anati iye ankandifunira mizu kutchire pamene ine ndinkakonza zomuthawa.

Komabe ku Joni ndinkakufuna kuposa kale, chifukwa pamudzipo ngakhale agalu ankaoneka ngati akundiseka. Ndinakatenga zithunzi kwa Che Saidi, amene anandipatsa akuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Ndinakakhalanso pabenchi ija mpaka nthawi yanga inakwana.

A Tembo anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anayang'ananso chithunzi.

"Mwatuluka liti kundende?"

"Sindinamangidwepo, bwana."

"Nanga ichi n'chiyani? Mzungu wa paboda akaona mutu uwu adzati mwathawa ku jele. Rejected."

"Koma munanena nokha kuti pamutu pasakhale kanthu."

Anavula magalasi, n'kupukuta kumaso ngati munthu amene watopa ndi dziko lonse.

"Chipewa, bambo. Hat. Pitani, tsitsi likamera mukajambulitse china. Next."

Ndinadikira tsitsi ngati mlimi wodikira mvula. M'mawa uliwonse ndinkalipapasa. Mtedza wa apongozi ndinakumba wonse, ndinauthothola, ndinaututira m'nkhokwe, tsitsi likumera pang'onopang'ono. Litafika poti munthu n'kulipesa, ndinajambulitsanso, ndinayenderanso ku boma maulendo ena amene sindikufuna kuwakumbukira, ndipo tsiku lina a Tembo anamenya chidindo. Pasi inatuluka.

Nditafika nayo kumudzi ndinapeza anthu atasonkhana pakhomo pa apongozi, akundidikira. Kunali kutabwera kalata ya ku Joni, ndipo wowerenga makalata pamudzipo anali yemwe uja. Ndinaitsegula pamaso pa onse, n'kuyamba mokweza, ndi mawu a munthu amene ali ndi pasi m'thumba.

"Okondedwa alamu, ine ndili bwino, kaya inu. Bwana wanga anandiitana mu ofesi n'kundionetsa kalata imene amalume analembetsa kwa aphunzitsi tsiku la maliro anga, yopempha kuti sutikesi, njinga ndi jekete la malemu Lazaro zitumizidwe kumudzi."

A Gelevazio anayamba kuyang'ana nyerere pansi. Ine ndinafuna kulekera pomwepo, koma apongozi anauza Esinati kuti andiuze ndipitirize.

"Ndamva kuti munandilira bwino, ndipo ndiwo zinalipo. Zikomo kwambiri. Ntchito ija ndapatsa munthu wa ku Petauke. Musavutike kubwera, alamu, akufa sapezera anthu ntchito."

Funsani musanamete, anzanga: tsitsi limamera, koma manyazi sameteka.