Chikwangwani cha Mawailesi

Lolemba, 16 Okutobala

Chikwangwani chafika. Cha lata lolimba, miyendo iwiri ya mapaipi, penti wabuluu. TIMAKONZA MAWAILESI NDI MAKASETI, muvi wofiira m'munsi mwake. Wolemba zikwangwani ku msika wa Nsungwi wandifunsa: "Timakonza? Muli ndi ndani, madala?" Ndamuuza kuti angolemba.

Nyumba yanga ili kuseri kwenikweni. Munthu adutse ya alandilodi a Nkhoma, adutse bafa, adutse khola la abakha. Chithereni sizoni ya fodya ku Kanengo, pakhomo pano sipagogodedwa. Mayi akunyumba adapita ku Ntcheu mu Julayi kukadwazika amayi awo. Amayi awowo adachira mu Ogasiti.

Zofunika mawa: khasu, simenti, miyala, munthu wogwira mbali inayo.

Lachiwiri

Dothi la Okutobala ndi mwala. Khasu laguluka ndisanafike pena paliponse. Ndabwereka piki kwa a Nkhoma.

Kondakitala wa minibasi: "Chimbudzi pamsewu, bigi?" Agogo ena: "Pepani, wamwalira ndani?" Onse ndikuwayankha bwinobwino. Pakamwa panali patayamba kuuma.

Dzenje lachiwiri, piki yaboola paipi ya madzi ya a Nkhoma. Madzi mpaka m'mwamba! Amayi a mzere wonse atulukira ndi ndowa. Khamu lotere sindinaliwonepo pakhomo pano, koma wa wailesi palibe. A Nkhoma sanakalipe. Angoti, "Achimwene, mukakumbe uko," n'kutenga piki yawo.

Lachitatu

Maenje atsopano, tsidya lina la kanjira. Ndakumba ndi chitsulo cha bedi. Bedilo mbali imodzi sikugona munthu.

Wogwira mbali inayo sanapezeke. Ndathira simenti, ndaimika chikwangwani, ndachikumbatira ndekha kudikira kuti igwire. Dzuwa pamutu. Mphuno ikuyabwa, manja onse ali pantchito. Woledzera wina waima, wawerenga mokweza, wandiyang'ana, wati: "Limbani mtima, abambo, chidzakukondani."

Amayi a Chisomo, ogulitsa tomato patsidya pa msewu, andiyang'ana tsiku lonse. Simenti itauma ndiye akuti: "Chapendekekatu."

Lachinayi

Ndasita malaya. Ndasesa pakhomo, ndayala masikuludiraiva pathebulo, ndatsuka kapu yachiwiri. Ndikudikira.

Abakha okha.

Masana kwabwera amayi a Chisomo, nkhope ili gwa. Popeza ndinasuntha maenje, muvi ukuloza khomo lawo. Kuyambira m'mawa azibambo akhala akugogoda kumeneko, mawailesi kukhwapa. "Amuna anga akabwera ku Beira ndi thiraki, ndidzati amenewa ndi ndani?" Onse awabweza. Ndafunsa ngati anawauza kuti wokonzayo ali kuseri. Ati iwo si chikwangwani.

Sanakhale pansi. Tiyi ndamwa makapu onse awiri.

Lachisanu

Kuzula sikutheka, simenti yagwira. Ndajambula mutu wina wa muvi mbali inayo. Penti wofufutira mutu wakale ndilibe. Tsopano muvi ukuloza konsekonse, munthu asankhe yekha.

Koma wina wasankha bwino. Mdala wa ku Dedza, wopuma ntchito ya ulonda, wailesi yokulunga m'chitenje cha malemu akazi awo. Yangosiya kulankhula Lolemba, akuti, ndipo m'nyumba mwachita zii. Nditangotsegula kumbuyo ndaona: batire limodzi analowetsa chozondoka.

Sindinanene. Ndamasula zonse, ndapukuta fumbi, ndaunika ndi tochi, ndapukusa mutu. Iwo akusimba za mbatata za kwawo, za bondo lawo, za mwana wawo wa ku Joni amene salemba kalata. Ine za ku Ntcheu. Tamwa tiyi. Dzuwa litapendeka ndatembenuza batire, wailesi yayamba kulengeza za maliro. Mdala waomba m'manja: "Koma ndinu dokotala." Ndakana malipiro, manyazi. Akuti auza anzawo onse, amene atsala.

Mawa ndigula penti wabuluu.

Loweruka

Penti ndagula. Ndafika naye pamsewu.

Chikwangwani palibe.

Patsala tizitsa tiwiri ta paipi, todulidwa bwino ndi sowo. Simenti ili nji, sinagwedezeke n'komwe. Pamenepo pokha ndiyenera kudziyamikira.

Amayi a Chisomo sanaone kanthu. A Nkhoma: "Lata lotero, achimwene? Mukanandifunsa." Woledzera uja wadutsa, wavula chipewa.

Ndapita ku telefoni ya pa golosale kuimbira mayi akunyumba pa foni ya aphunzitsi a kwawo. Ndafotokoza zonse, kuyambira paipi. Aseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala. Ndafunsa kuti abwera liti. "Tikadzala." Ndafunsa kuti kudzala chiyani. Foni yaduka.

Pobwerera ndapunthwa pa chitsa changa chomwe.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo, chala chomanga nsanza. Potuluka ndadzera ku msika.

Kwa okhoma zidebe kuli mbaula zatsopano. Zabuluu. Ina yalembedwa TIMAKO, ina WAILE, ina ili ndi kachidutswa kofiira. Wogulitsa: "Lata lochokera kunja ili, madala, silibooka." Ndayang'ana uku ndi uku, wondichitira umboni palibe. Ndagula ya TIMAKO. Yanga yakale inali itabooka kale.

Imayaka bwino, chilungamo chake.

Madzulo a Nkhoma aima pakhomo, osalowa. Akuti anthu akupunthwa, zitsa zija ndizule ndisanawabweretsere milandu. Ndawauza kuti simenti imeneyo ndinaithira ndi mtima wonse, kuswa kwake kunditengera sabata yathunthu. Ati zanu zimenezo.

Ndavomera. Kuseri kuno kuli abakha okha. Pamsewu pamadutsa anthu.