Mazira a Mayi ake a Dalitso

Lolemba

Maphunziro lero, mu holo ya tchalitchi kuno ku Chileka. Wophunzitsa ndi Dalitso, mwana amene ndinamuphunzitsa Sitandade 5 ku Lirangwe mamina ali chuchuchu. Lero ndi Dokotala wa kuyunivesite, akufufuza mmene ziphuphu zimasaukitsira anthu akumudzi. Pakati pa achinyamata wasankhapo ine, nkhalamba yopuma pantchito, ati akufuna munthu wopanda banga. Ndamva kukoma, sindibisa.

Malamulo ake:
– mafomu makumi atatu pofika Loweruka
– nyumba yachisanu iliyonse, osadumpha
– kulemba zimene munthu wayankha, osakonza
– osalandira kanthu, ngakhale thobwa

Ochita bwino agwira naye ntchito chaka chonse. Ndasita jekete langa lija la pa tsiku lotsekera sukulu.

Lachiwiri

Lirangwe! Mtengo wa mango umene tinkadikirirapo basi adaudula, pali kashopu kotchajira mafoni. Nyumba yoyamba ndi ya Esinati, uja ankagona kumbuyo kwa kalasi. Pano ali ndi zidzukulu. "Aphunzitsi, mukane thobwa langa? Ndakulakwirani chiyani?" Ndamwa. Makapu awiri. Fomu imodzi yokha lero, nthawi yathera pofunsana za amoyo ndi omwe adatisiya.

Lachitatu

Nzeru yatsopano: ndizinena kuti achipatala andiletsa kudya kwa eni. Yakanika. "Musadye inu, mukapatse amayi kunyumba." M'chikwama cha kafukufuku tsopano muli mafomu anayi, nandolo, chinangwa ndi nkhunda yamoyo. Nkhundayo yaipitsa tsamba lachiwiri. Kondakitala wa minibasi nayenso ndi mwana wanga wasukulu, watsitsa munthu pampando wakutsogolo kuti ndikhalepo ine.

Akazi anga akusenda chinangwa, ati, "Kafukufuku wa katangaleyu asathe msanga, bambo."

Lachinayi

Funso 7 ndilo lovuta: kodi munapatsapo wantchito wa boma kangachepe kuti akuthandizeni? Aliyense akuti ayi, kenako n'kuyamba kufotokoza za mnansi wake. Bambo wina wati, "Ife timangothokoza, aphunzitsi, kungoti timathokozeratu." Pafomu malo a zimenezo palibe.

Pobwerera ndadzera pasukulu. Denga ndi latsopano koma fungo la choko ndi lomwe lija. Ndaima pawindo la kalasi yanga mpaka mlonda wandifunsa chimene ndataya. Ndawasowa masiku aja. Funso lililonse linali ndi yankho lake kumapeto kwa buku, ndipo bukulo ndinkasunga ndine.

Lachisanu

Ndawerenga nyumba, yachisanu ndi ya mayi ake a Dalitso. Ndawerenganso kawiri, ndi yomweyo. Akalamba, maso sakuona bwino, koma mawu anga awazindikira ndisanamalize odi.

Funso 7. "Eya, ndinaperekapo. Kwa inuyo."

Ndaseka. Iwo sanaseke. Akuti ndi chaka chija anamwalira bambo a Dalitso, mwana alibe yunifolomu, ahedi akubweza aliyense wosavala. Ine ndinkamukhazika kuseri kwa kabati ahedi akamayendera makalasi. Mayi akewo ankanditumizira mazira sabata iliyonse, chaka chathunthu. Ndikuwakumbuka bwino, ankabwera m'kambale ka gaga kuti asasweke. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti makolo a ku Lirangwe ankakonda aphunzitsi awo.

"Ndinkaopa kuti ndikaleka mumutulutsa. Ife tinkadyera nkhwani."

Ndalemba momwemo, poti lamulo likuti osakonza. Cholinga: mwana akhale m'kalasi. Choperekedwa: mazira. Wolandira: mphunzitsi.

Potuluka andipatsa mtedza. Ndakana, ndipo ulendo uno kukana kwatheka.

Loweruka

Mafomu khumi ndi imodzi basi. Achinyamata abweretsa makumi atatu aliyense, ngakhale awiri ndinawaona ndi maso anga akudzaza okha pansi pa mtengo. Dalitso akuwerenga anga. Pamafomu sitilemba mayina, koma pofika pa mazira waima. Wavula magalasi, wawapukuta nthawi yaitali. "Zikomo, aphunzitsi." Pamndandanda wa opitiriza ntchito dzina langa palibe. Ati ndi chifukwa cha kuchepa kwa mafomu. Mwina ndi zoona.

Lamulungu

Kutchalitchi nyimbo ndangotsegulira pakamwa. Masana foni yalira, Dalitso. Za ntchito sanatchule. "Aphunzitsi, ndifunse ngati mwana wanu. Amayi akanaleka mazira aja, mukanandibweza?" Ndayankha msangamsanga kuti ayi. Wathokoza, wadula.

Muno mokha ndilembe zoona: sindikudziwa. Mwanayo ndinkamukonda, mutu wake unkagwira masamu kuposa wanga. Koma m'kalasi momwemo munali ana ena atatu opanda yunifolomu, ndipo kwawo kunalibe nkhuku. Ndakhala pakhonde tsiku lonse kuyesa kukumbukira mayina awo. Sakubwera.